Zikhomo za M'dimba la aMonica

Mu 1984, tili m'chaka chachinayi cha maphunziro a zomangamanga ku yunivesite ku Lusaka, aphunzitsi anatigawa atatuatatu n'kutitumiza kumidzi. Ife anatipatsa kamtsinje kena kufupi ndi Sinda, kuti tiyeze malo omangapo damu laling'ono. Malikisi anali amodzi kwa gulu lonse: mukakhoza, nonse, mukagwa, nonse.

Ine Rehema, mwana wa aJuma a sitolo pa Katete, ndinali wolemba manambala m'buku. Stanford wa ku Kitwe anadzisankha yekha kukhala mtsogoleri, ndipo makina oyezera ankawagwira ngati mwana wake woyamba. Wachitatu anali Dominic, Mchewa wa ku Vubwi, munthu wosayankhulayankhula. Iyeyu anali atalephera kale chaka chimodzi, ndipo akanalepheranso akanamuchotsa sukulu.

Mzere wa damu unkadutsa m'dimba la nzimbe ndi matimati. Tinapezamo bambo wina akuthirira, dzina lake aPetro.

"Ndimwe eni ake a dimba iyi, mdala?" anafunsa Stanford m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Tifuna pemishoni yokhoma mapegi."

APetro anaika ndowa pansi, n'kuwongola msana. Anayang'ana dimba lonse kuchokera uku mpaka uko, kenako anati, "Khomani, ana anga."

Dominic anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndinaona ndithu, koma sindinasamale.

Masabata awiri tinapsa ndi dzuwa la mu Okutobala. Zikhomo makumi anayi, chilichonse ndi nambala yake komanso msinkhu wake m'buku. Kutatsala masiku atatu kuti tibwerere, tinafika m'mawa n'kupeza mulibe ngakhale chimodzi. Amati safunsa anadya phula. Ife tinafunsa, koma phulalo tinadyabe.

Zikhomo tinazipeza pakhonde la mkazi wa aPetro, aMonica, atazimanga bwinobwino ndi luzi ngati nkhuni. Anali atangobwera dzulo lake kuchokera kodwazika mchemwali wawo.

"Wakulolani ndani kukhoma m'dimba langa?" anafunsa aMonica.

"Amuna anu," anatero Stanford.

"Awa?" AMonica analoza aPetro ndi mlomo. "Awatu ndi akamwini. Anabwera pano ndi khasu ndi bulangete. Dimba lija ndi la amayi anga, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo."

APetro anali pakampando pambali, akusema mpini, maso ali pansi. Stanford anayamba kufotokoza za chitukuko, mawu achizungu akungogwa ngati mango, ndipo nkhope ya aMonica inkangoumirabe. Ine mtima unali m'malere, chifukwa popanda zikhomo zija manambala anga onse anali opanda ntchito.

Ndiye Dominic anavula chipewa, n'kukhala pansi pa dothi, n'kuwomba m'manja katatu.

"Amayi, talakwa. Ine ndine mwana wa malemu Nabanda a ku Vubwi. Mwambo ndimaudziwa. Tikupempha kwa inu eni nthaka."

AMonica anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye umadziwa, n'kungokhala chete?"

"Inde, amayi."

"Sukulu zanuzi!" Anakankhira mtolo uja kwa iye ndi phazi. "Mabowo akuonekabe. Koma matimati anga musaponde."

Chikhomo chozulidwa sichibwerera pa msinkhu wake wakale, choncho zonse zinafunika kuyezanso. Ntchito ya masabata awiri tinaipanikiza m'masiku atatu. Masana a tsiku lachiwiri, milomo itauma, Stanford atapita kukatunga madzi, ukali wanga unaphulika.

"Iwe Dominic, amene akuchotsedwa sukulu ndiwe! Unalekeranji kunena tsiku loyamba lija?"

Anapitiriza kukhoma chikhomo mpaka chinalowa. Kenako anakhala pa mzere wa nzimbe.

"Amayi atamwalira, azimalume anauza atate kuti azibwerera kwawo," anatero. "Zaka makumi awiri akulima munda umodzi, anachoka ndi kachikwama. Tsiku lija Stanford atafunsa aPetro ngati ndi eni ake, unawaona mmene anawongolera msana?"

Ndinawaona. Chisoni chinandigwira.

"Ndinalephera kuwalanda zimenezo pamaso pa alendo," anatero Dominic. "Ndinkadziwa kuti tidzalipira. Ndinangoti aime kaye choncho."

Stanford anafika ndi madzi. Ndinamulanda makina oyezera n'kumupatsa nyundo, ndipo sanatsutse. Zinatsala zikhomo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chapatali aPetro ankathirira matimati a akazi awo.