Bedi la Pazenera

Mukamalowa pageti la chipatala chija, yang'anani kumanja. Pali chikwangwani chachikulu cha mayi wonenepa bwino, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, akumwetulira mano onse pamtunda. M'munsi mwake analemba kuti: Thanzi ndi ufulu wa munthu aliyense. Mayi ameneyo ndine. Chaka chimenecho sindinadwale, ngakhale chimfine chokha.

Amene ankadwala ndi amayi anga. Chifuwa chinawadya mapapo mpaka kupuma kunasanduka ntchito yakalavulagaga. Ndinatsekera makina anga osokera m'nyumba n'kupita kukawadwazika. Wodi ya azimayi inali ndi mabedi makumi awiri, koma odwala tinkasiya kuwawerenga tikapitirira makumi atatu. Ife tinali a pansi. Matiresi athu anali pakona, pafupi ndi soketi, chifukwa makina a mpweya, omwe anali amodzi okha wodi yonse, ankafuna magetsi. Ndikawachotsa timapaipi kuti ndiwapukute kumaso, milomo yawo inkada ndisanafinye n'komwe kansalu. Ndikunena izi kuti musafulumire kundimvera chisoni. Ndinkadziwa.

Amayi sankadandaula za ululu. Chinkawapweteka mtima ndi kulumphidwa. Manesi ankawalumpha, okolopa ankawalumpha, odzaona odwala ankawalumphanso atanyamula zikwama zawo.

"Ndasanduka ngalande ine, mwana wanga," ankatero, mawu akudukaduka. Kenako ankaponya maso pabedi la pazenera. "Ogona apo amaona mtengo."

Tsiku lakhumi tinadzuka wodi ikununkha penti ndi mankhwala okolopera. Mabedi onse anayalidwa mashiti oyera mbee, amene sitinawaonepo chibwerereni. Amatironi, mkulu wa manesi, analowa akuwomba m'manja ngati akuthamangitsa nkhuku.

"A pansi nonse, kuseri kochapira zovala! Kukubwera alendo."

Oyenda anayenda, osayenda anawanyamula. Mayi wa pabedi la pazenera anamutulutsa m'chipatala m'mawa womwewo, wachira kapena sanachire, ndani anafunsa. Amatironi atafika pakona pathu anaima, n'kuyang'ana amayi, n'kuyang'ana makina, kenako ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu wosankha nsalu pamsika.

"Tamwetulirani."

Ndinamwetulira. Ndili ndi mpata m'mano, ndipo kuyambira ndili mtsikana anthu amandiyamikira nawo.

"Basi, ndinu," anatero amatironi. "Tamverani, mayi. Makinawa anapereka ndi alendo akubwerawa. Akufuna aone kuti akuchiza anthu. Ndiye taonani amayi anuwa, mafupa okhaokha. Tikawaonetsa awa, alendo ati makina sakuthandiza, ena satumizanso. Mugone ndinu pabedi apo."

"Nanga amayi apuma chiyani?"

"Iii, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mphindi khumi zokha. Akangotuluka, bedi limeneli ndi la amayi anu. Ndikulumbira."

Palibe anandigwira pakhosi. Ndinaona bedi, ndinaona mtengo, mutu n'kuima. Amayi sakanatha kukhala pabenchi kochapira, choncho anati tiwaike m'kachipinda kosungiramo zidebe, kuseri kwa khoma la wodi. Ndinawachotsa timapaipi ndi manja angawa, n'kuwabereka ndekha. Sankalemera kuposa mtolo wa zovala zouma.

"Amayi, mukabwerako mugona pabedi."

"La pazenera?"

"La pazenera."

Kachipindako kanalibe zenera, kanalibenso soketi. Munali zidebe, zikolopa, machira othyoka ndi matiresi ong'ambika. Ndinawagoneka motsamira khoma. Nditangotuluka, mlonda anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba.

"Kuti alendo asasochere," anatero.

Anandiveka mkanjo wa odwala, n'kundigoneka, n'kundilowetsa timapaipi m'mphuno. Timapaipito tinali tikadafunda. Mpweya wake unali wozizirira, wokoma, ndipo ndimadzida kwambiri chifukwa ndimakumbukira kukoma kwake. Magalimoto anali atafika kale, koma alendo anayambira kuofesi kukamwa tiyi. Mphindi khumi zija zinatha ndili ndekha ndi denga.

Khoma la kumutu kwanga linali lomwelo la kachipinda. Ndinkamva amayi akutsokomola. Ndinadzuka, koma nesi wina anandikankhira pansi ndi chala chimodzi.

"Gonani, inu! Ali pakhonde."

Kenako kutsokomola kunasiya, kunayamba kugogoda. Gu. Gu. Gu. Mtengo wa chikolopa pakhoma.

Alendo analowa, asanu ndi mmodzi, mkulu wa chipatala ali patsogolo, wojambula zithunzi ali pambuyo. Anadutsa mabedi ena onse mothamanga n'kudzaunjikana pa ine. Mtsogoleri wawo anali mayi wamagalasi, wa manja ofewa. Sindimunenera zoipa. Anandigwira dzanja ngati m'bale wake, misozi ikulengeza m'maso. Dokotala anandipanitsa kachipangizo pachala, n'kuwerenga mokweza mmene mpweya unalili m'magazi mwanga. Onse anawomba m'manja. Munthu wabwinobwino, wodya n'kukhuta, anamupeza ali bwinobwino, ndipo anthu ophunzira anawomba m'manja.

Gu. Gu.

Mayi wamagalasi anatembenuka n'kufunsa kanthu m'chilankhulo chawo. Mkulu wa chipatala sanaphethire n'komwe. Anayankha, onse n'kugwedeza mitu mokondwa. Womasulira anandinong'oneza kuti abwana akuti ndi amisiri, akukonza mapaipi a madzi.

Kenako womasulirayo anakweza mawu. "Alendo akufunsa, mayi: kodi mukudziwa kuti chithandizo chimene mukulandirachi si chifundo cha munthu, koma ndi ufulu wanu?"

Apa ndi pamene pali mlandu wanga wonse. Pakamwa panali panga. Ndikanati, amayi anga ali kuseri kwa khomali, akufa. Mawu asanu ndi awiri okha. Koma ine ndinaleredwa ndi amayi omwewo, amene ankati nyumba ikapsa, alendo aziyamba atsazika kenako muzilira. Amatironi anali kumapazi kwanga, dzanja lawo litagwira chala changa cha kuphazi pansi pa shiti. Ndipo bedi linali lofewa, ndipo ndinaganiza kuti zatsala pang'ono, ndikalankhula titaya zonse.

"Ndikudziwa," ndinatero. "Zikomo kwambiri."

Wojambula anati ndimwetulire. Anati kuwala sikuli bwino, atsegule katani, ndimwetulirenso. Anajambula kasanu ndi kawiri. Kenako mkulu wa chipatala anatulutsa mapepala atatu m'thumba la jekete, n'kuyamba kuwerenga ali pomwepo pambali panga, poti kunja kunali dzuwa. Ankatchula ufulu mzere uliwonse. Ufulu wa osauka, ufulu wa amayi, ufulu wa okalamba. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina, ndipo chitsirucho chinali chitagona chagada ndi timapaipi m'mphuno.

Kugogoda kunasiya ali pa pepala lachiwiri.

Nsapato yomaliza itangotuluka, ndinazula timapaipi n'kuthamanga ndi mkanjo womwewo. Chitseko chinali chokhoma. Mlonda anali atapita kugeti kukatsegulira magalimoto ndi kubayibitsa. Ndinaitana amayi, kuli zii. Ndinachimenya ndi phewa kawiri, kachitatu chinathyoka. Kunenepa kwanga kunagwira ntchito kawiri tsiku limenelo.

Amayi anali atagwera chammbali, chikolopa chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Pakhoma panali timabowo pomwe ankagogoda, penti itagwa. Ndinawerenga. Ndisakuuzeni kuti tinali tingati.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangokhala pachidebe. Amatironi anafika, n'kuwagwira amayi pakhosi, n'kusuzumira pakhonde uku ndi uku.

"Asapezeke muno. Anyamuleni msanga."

Manesi awiri anawanyamula. Anawagoneka pabedi la pazenera, n'kuwawongola miyendo, n'kuwatseka pakamwa. Amatironi anatola timapaipi pansi, anatipukuta pa yunifolomu, n'kuwalowetsa m'mphuno. Anayatsa makina. Atatero m'pamene anatuma munthu kukaitana dokotala, yemwe uja wa kachipangizo. Iye anabwera akutafuna zotsala za alendo, anamvetsera pachifuwa, n'kulemba kuti wodwalayo wamwalirira pabedi, akulandira mpweya.

Kunja kwa zenera mtengo unalipodi. Unali mtengo wamba, wafumbi, ndipo panthambi ina munthu anayanikapo thewera.

Amatironi anandigwira paphewa lomwe ndinathyolera chitseko.

"Pepani, mayi. Koma mwaona nokha, ine sindinama. Bedi ndi ili."

Kenako anatembenukira kwa nesi.

"Musanawatengere kumotchale, muyambe mwachotsa mashitiwo. Ndi a alendo."