Sabata Yosapsompsonana

Bizunesh anali kusankha timiyala m'tirigu pamene mlongo wake Mekuria anafika m'khitchini n'kuima pakhomo ngati mlendo wosochera. Linali Lachinayi la Sabata ya Masautso. Amayi awo, a Etenesh, anali ataikidwa dzulo lake kuseri kwa tchalitchi cha Mpulumutsi wa Dziko, pansi pa mitengo ya bulugamu.

"Ukunditchingira kuwala," anatero Bizunesh osadzutsa mutu.

"Ansembe athu, Abba Hiruy, atuma munthu. Akuti mawa ndikaimbe kutchalitchi."

"Ukaimbe."

"Achemwali..."

"Ndati ukaimbe, abambo dikoni. Si mawu ako amaliza amayi onse a m'mudzi muno? Ukakafika paja Ambuye ali pamtanda, akuyang'ana amayi awo n'kuwapezera wowasamala, ukakweze bwino mawu. Ine ndidzakhala kutsogolo, ndikukuyang'ana."

Mekuria anayang'ana pansi.

Zinachitika Lolemba. M'sabata imeneyi anthu sapsompsonana, ngakhale chanza sapatsana, pokumbukira kuti Yudasi anapereka Ambuye powapsompsona. Mekuria anabwera kuchokera kutchalitchi akununkhira lubani, maondo ali tuu ndi fumbi la kugwada, mtima uli m'mwamba ngati mbalame. Anapeza amayi ake atagona, kupuma kukuvuta. Atamuona anamutembenuzira tsaya.

"Bwera undipsompsone, mwana wanga."

Iye anaima chapatali pang'ono, n'kuwerama mwaulemu. "Amayi, dikirani Lamulungu. Ambuye akauka ndidzakupsompsonani mpaka mudzandithamangitse." Anamwetulira ponena zimenezi, kumwetulira kwa mnyamata wodziwa malamulo.

Amayiwo sanadikire. Lachitatu m'mawa anapita, n'kuikidwa tsiku lomwelo popanda mapemphero a maliro, poti a anthu omwalira sabata imeneyi amachitidwiratu Lamulungu la Kanjedza. Mekuria anali ataimba nawo mapempherowo ndi mawu ake onse, osadziwa kuti akuimbira ndani.

"Ndi lamulo la tchalitchi, achemwali," anatero tsopano, mawu ali pansi. "Sindinalipange ine."

"Lamulo." Bizunesh anakankha lichero, tirigu wina n'kumwazika. "Mwiniwake wa tchalitchicho ankagwira akhate ndi manja ake. Ankachiritsa anthu pa Sabata akuluakulu akumuyang'ana ndi maso ofiira. Mabuku onse achikopa amene wakhala ukununkhiza kuyambira uli mwana aja, zimenezi mulibe?"

"Zilimo."

"Ndiye unaopa kuti ukawapsompsona amayi ako akugwira asilikali?"

Kunja, m'chihema cha maliro, azakhali awo ena anayambanso kulira atalandira alendo atsopano, kenaka anasiya msanga.

"Bambo sakudziwa," anatero Bizunesh. "Akuzungulira m'chihemamo n'kumauza aliyense kuti mwana wawo dikoni anawasamala amayi ake mpaka mapeto. Ine ndikamva ndimafuna nthaka inditsegukire. Ndiye tamvera: ukavala nsalu yoyera mawa kukaimirira pamaso pa anthu, ine ndiwauza bambo. Sankha wekha."

"Ndiwauza Abba kuti ndadwala pakhosi."

"Kunamanso m'Sabata ya Masautso? Ukukula bwino."

Ndodo inagogoda pakhomo. Bambo awo, a Wondimu, analowa atawerama, nsalu yawo itaphimba mutu monga mwa maliro. Anafufuza kampando ndi phazi n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Makoma a nyumba ino ndi dothi ndi ndowe," anatero. "Inu mumayankhula ngati ndi a miyala."

Bizunesh anagwira pakamwa. Mekuria anafuna kutuluka, koma anangoima pomwepo.

"Lolemba ndinali kuseri kwa katani, ndikusoka chingwe cha goli. Ndinamva zonse." Anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi. "Iwe Bizunesh unali ndi chikho m'manja. Mlongo wako atatuluka unatani?"

"Ndinawamwetsa madzi."

"Kenako?"

"Ndinawakonzera pilo."

"Kenako?"

Bizunesh anayamba kutola tirigu wogwa uja, kambewu kamodzikamodzi. Misozi inagwera pa dzanja lake ndipo sanaipukute.

"Sindikukuzenga mlandu," anatero a Wondimu. "Ine ndi amene ndinawabweretsa m'nyumba ino pa bulu ali mtsikana. Usiku wonse wa Lachiwiri ndinakhala pambali pawo, ndipo ndinangowagwira phazi pamwamba pa bulangeti. Nanenso ndinkadikira Lamulungu. M'chihemamo ndimayamika Mekuria chifukwa ndikasiya kuyankhula za iye, ndiyamba kuganiza za ine."

Pamoto mphika wa nyemba unali kuwira, chivundikiro chikugwedezeka. Dzuwa linalowa pa mng'alu wa denga n'kugwera pakati pawo, utsi ukuyenda pang'onopang'ono m'kuwalako.

"Anandikwiyira?" anafunsa Mekuria. Mawu anatuluka ngati a kamwana.

A Wondimu anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosamaliza.

"Amayi ako? Mutatuluka nonse anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, Wondimu, taona, tamubalira Yesu wapolisi, chikhalirecho iye sanapemphe wapolisi. Kenako anati ndiwapatse nsalu yako imene unasiya pamsomali. Ndinaganiza kuti akumva kuzizira. Koma iwo anayang'ana uku, anayang'ana uku, ngati muja ankachitira pokubisirani shuga m'masiku osala kudya, n'kuipsompsona m'mphepete. Ndinati, Etenesh, sabata yake ndi ino? Akuti, khala chete iwe, nsalu si munthu."

Mekuria anakhala pansi pomwepo, pa phulusa, n'kubisa nkhope m'maondo. Mapewa ake anali kugwedezeka. Palibe amene anamugwira.

"Mawa ukaimbe," anatero bambo ake akudzuka ndi ndodo. "Mawu akakakuthera pakati, ukaime, ulire. Ndi Lachisanu Loyera, aliyense adzakhala akulira zake."

Madzulo amenewo anadya tirigu wophika ndi nyemba pamodzi ndi anthu a m'chihema. Bizunesh anagawira aliyense, n'kuika mbale ya mlongo wake patsogolo pake osamuyang'ana. Sanamuyankhule mpaka kugona.

M'mawa mwake nkhungu inali isanachoke m'mapiri pamene anthu anayamba kudutsa panjira, atavala zoyera zokhazokha, mwakachetechete, akukwera kutchalitchi. Mekuria anaima nthawi yaitali pafupi ndi msomali uja asanatenge nsalu yake. Kenaka anaifunda. Potuluka anapeza Bizunesh akusesa pakhomo, ndipo anayesa kudutsa cham'mbali.

"Taima."

Anaima.

"Wafunda mokhota. Ukufuna anthu anene kuti amayi atangopita m'nyumba muno mwasowa maso?"

Anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kumukonzera nsaluyo paphewa, mwamphamvu ngati akumanga thumba. Atamaliza sanaisiye. Anayang'ana cha kuchihema, anayang'ana cha kunjira, kenaka anakweza mphepete mwa nsaluyo n'kuiika pamilomo yake.

"Pita," anatero akumukankha pamsana. "Uchedwa."