Masamba a Mapeyala

Linali Lachitatu, monga amafotokozera mwini wake Janeti wa ku Sharpevale, pamene amuna ake, a Gracian, anamupezerera kuseri kwa khitchini akumwa madzi ofiira m'kapu, nkhope atakwinya.

"Amake Mfundo, mukumwa chiyani?" anafunsa atatsamira ndodo zawo ziwiri.

"Tiyi."

"Tiyi wa masamba a mapeyala? Mtengo wanga mwaupulula ngati mbuzi."

A Gracian anathyoka mwendo pansi pa bondo, njinga yamoto itawagunda pochokera ku mpunga ku Bwanje. Kuchipatala chachikulu anawachita opaleshoni n'kuika chitsulo, koma miyezi inadutsa fupa osagwirana. Ulendo womaliza dokotala ananena mothamanga kuti abwerenso Lachisanu, ayesa njira ina, ndipo pafunika magazi. Janeti ankazidziwa zakuchipatala: akati magazi, wopereka ndi wodwazika. Ana onse anali ku Joni. Ndiye anayamba kuwiritsa masambawo, poti anthu amati amachulukitsa magazi.

"Musavutike," anatero a Gracian. "Lachisanu sindipita."

"Iii! Munthu wolowa m'migodi ya ku Joni, wovina ngoma mpaka fumbi koboo, lero kuopa kasingano?"

"Nenani zimenezo."

"Ndiuza anzanu onse kutchalitchi."

A Gracian sanaseke. Anakhala pampando pang'onopang'ono, mwendo atautambasula.

"Pobadwa Mfundo magazi anakutherani, manja mbee ngati ufa. Inu simunadzione, ine ndinakuonani. Lero akupopeninso chifukwa cha mwendo wa nkhalamba? Ndiziyenda ndi ndodo."

Janeti anayang'ana m'kapu muja. Kenaka analimbitsa mawu.

"Bambo a Mfundo, fupa likapanda kugwira, mwendowo mwautaya. Madzi osamba ndizikutengerani mpaka liti? Msana wanga si wa boma."

Anakangana mpaka nkhuku kulowa. Pomaliza bambowo anavomera kupita, koma anati akamuuza okha dokotala kuti mkazi wawo asamukhudze.

Lachisanu atalowa m'chipinda, Janeti anapinda mkono wa bulauzi asanapereke ndi moni womwe.

"Adokotala, yambani ine. Ndamwa mapeyala, magazi alipo."

A Gracian anapingasa ndodo patsogolo pake. "Awa ayi. Kaya mwendo muudule."

Dokotalayo, mayi wachitsikana, anawayang'ana onse awiri, kenaka anaphulika kuseka.

"Pepani, kulakwa n'kwanga, sindinafotokoze bwino. Amayi, tsitsani mkonowo. Magazi ake ndi a bambo omwewa, ndipo ndi ochepa chabe. Tiwazunguza m'makina, apatukana. Mbali yachikasu ili ndi tinthu tothandiza bala kupola. Imeneyo tiibaya pomwe fupa linathyoka. Sindikulonjeza kuti ligwira, koma ena zimawathandiza."

"Ndiye masamba onse aja ndamwera chabe?" anatero Janeti. "Kuwawa konse kuja?"

A Gracian anaseka mpaka misozi. Kuseka kunatha namwino atalowa ndi mbale ya majekeseni.

"Mwati kutenga kwina, kubaya kwinanso? Masingano awiri?"

"Awiri, bambo."

Thukuta linawatuluka pamphumi. Janeti anaona zimenezi. Anangosendera n'kuwagwira dzanja linalo, ndipo iwo analifinya ngati akukama ng'ombe.

Makina atasiya kulira, namwino anawaonetsa kabotolo: pansi pofiira, pamwamba pachikasu.

"Mwaona?" anatero Janeti. "Ndimanena ine kuti chiwaya mwachionjeza. M'thupi mwanu mwadzaza mafuta ophikira."

"Magazi a Mngoni ndi onona, mayi," anayankha, maso atatsinzina, singano yachiwiri ikulowa.

Dokotala anawauza kuti mwendowo asaupondere, adzabwerenso kudzajambulitsa. Mu minibasi bambowo anagona atatsamira phewa la mkazi wawo, ndipo Janeti sanasunthe mpaka potsikira, ngakhale mkono unachita dzanzi.

Atafika kunyumba, akuti Janeti anatenga masamba otsala aja, anawawiritsa bwinobwino, n'kuwatsira m'kapu yomwe ija. Anakawapatsa amuna ake pakhonde.

"Magazi atuluka mwa inu, bwezeretsani. Shuga mulibe."

A Gracian anakwinya nkhope, anamwa yonse, ndipo Janeti anaima pomwepo mpaka ataona pansi pa kapu.