Msilikali wa Keyala ku Thamesmead

"Dzina lawo palibe," anatero a Newton m'Chingerezi, chala chikutsika papepala kachitatu. "Kachingwe palibe."

Lois anali ataima pakhomo la holo ya m'dera lawo ku Thamesmead, atagwira mkono wa bambo ake. Linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, chaka cha 1995, ndipo London yonse inkakumbukira kuti patha zaka makumi asanu chithereni nkhondo yolimbana ndi Ajapani. Kagulu ka asilikali opuma a m'derali kanakonza mwambo ndi chakudya, nkuitana mlendo wochokera ku America amene ankayendetsa ndege ku Burma. A Newton ndiwo anali mlembi wa kaguluko.

A Felton Kachingwe, bambo ake a Lois, nawonso anamenya nkhondo ku Burma komweko, m'gulu la Keyala lochokera ku Zomba. Anabwera ku London kudzachotsa ng'ala m'diso. Atamva za mwambowo anayamba kupukuta nsapato kudakali sabata yathunthu, ndipo Lois, yemwe anali nesi, anachita kupempha mnzake kuti asinthane shifiti.

"Fomu ndinabwera nayo ndekha," anatero Lois. "Ndinakupatsani m'manja mwanu."

"Ndinaiona, mayi. Koma komiti imafuna umboni. Matebulo akutsogolo ndi a asilikali athu ndi alendo a ku America. Ngati mkuluyu ali ndi kalata yotulukira usilikali, tiione."

Kalatayo inadyedwa ndi chiswe ku Ntcheu Lois asanabadwe.

"Akuti chiyani mzunguyu?" anafunsa a Kachingwe m'Chichewa.

"Akuti sakukudziwani."

"Ndiye wanama pati? Nanenso sindimudziwa." Anakonza kolala ya jekete lawo. "Mlendo ndi mame, mwanangu. Tiye tikhale pomwe atiikepo."

Anawaika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi tebulo la makapu a tiyi. Makoma onse anali zithunzi: sitima zikuyaka ku Pearl Harbor, anyamata a ku America akutsika m'maboti, utsi wa bomba lija linagwa ku Japan. Lois anayendetsa maso khoma ndi khoma kufunafuna nkhope yakuda. Sanaipeze ngakhale imodzi.

Atatha mapemphero, mlendo uja anaimirira. Dzina lake anali Dale Hostetler, nkhalamba yaitali ya mawu ofatsa. Lois ankanong'oneza bambo ake zimene zinkanenedwa, chifukwa Chingerezi cha ku America chinkawadutsa.

"Ife tinalowa nkhondo mochedwa, atachita kutiputa," anatero a Hostetler, "koma titalowa zinthu zinasintha. Ku Burma asilikali a Britain akanatha ndi njala m'nkhalango pakanapanda ndege zathu. Tinkawaponyera zipolopolo, mankhwala, chakudya. Matumba a mpunga sitinkawamangira n'komwe parachuti. Tinkangowakankha ndi mwendo, wotola atole."

Anthu anaseka, ena nkuwomba m'manja. Lois atamaliza kumasulira anaona kuti bambo ake sakuphethira.

"Wati ndi mwendo?"

"Eya, bambo."

A Kachingwe anagwira ndodo yawo nkudzuka pang'onopang'ono. Mpando unalira pansi, mitu yonse nkutembenuka.

"Imirira, Lois. Unene zimene ndinene, usachotsepo, usathirepo shuga."

A Newton anabwera mothamanga m'mbali mwa khoma. "Mayi, nthawi ya mafunso ikubwera. Chonde auzeni akhale pansi."

"Adikira zaka makumi asanu," anayankha Lois mokweza, holo yonse kumva. "Inu mukulephera kudikira mphindi zisanu?"

A Newton anaima pomwepo.

"Mfunse mkuluyo," anayamba a Kachingwe, "ngati anaonapo amene anali pansi."

Lois anamasulira. A Hostetler anagwira khutu, kenaka anapukusa mutu. "Pamwamba paja munthu saoneka. Tinkangoona mitengo ndi nsalu yachizindikiro."

"Nsaluyo ankayala ndi Maliseni Gomani wa ku Dedza," anatero a Kachingwe. "Chigwa cha Kabaw, dzinja la 1944. Mvula ya kumeneko siinkasiya. Asilikali ena anawabweza kuti akapume, ife anatilowetsa, akuti munthu wakuda malungo samugwira. Ankatigwira. Tinkayenda m'matope ofika m'mawondo, mfuti kumsana, odwala pamachira. Tsiku lina ndege inabwera titagona ndi njala masiku atatu. Maliseni anathamanga kukakonza nsalu imene mphepo inapinda. Thumba la mpunga linamugwera apa."

Anadzimenya pakhosi kumbuyo. Lois anamasulira zonse mwaukali.

"Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anapitiriza mkuluyo. "Tinamukwirira m'matope momwemo. Titatha, tinaphika mpunga wa m'thumba lomwelo nkudya, poti njala ilibe manyazi. Ndiye lero ndikumva anthu akuseka."

Mayi wina wa pa tebulo lakutsogolo anaika kapu pansi mosamala ngati ingasweke.

"Anatiuza kuti pansi pali asilikali a Britain," anatero a Hostetler. "Sindinadziwe kuti kunali anthu a ku Africa. Zoona, sindinadziwe."

"Mpunga wanu tinadya, sindikukana. Popanda inu tikanafa tonse. Koma mutu umodzi susenza denga. Mukamasimba nkhondo musamangoiyambira kumwamba nkuithera kumwamba. Pansi panali anthu, ndipo anali ndi maina."

A Kachingwe atatero anatsamira ndodo yawo, akupuma mwamphamvu. A Hostetler anatsika pansanja nkuyenda mpaka kumbuyo. Anapempha Lois kuti awatchulire dzina la womwalirayo chilembo ndi chilembo, ndipo analilemba pamwamba pa pepala limene ankawerengalo. Nkhalamba ziwirizo zinagwirana chanza.

Apo mpamene a Newton anatulukiranso, atanyamula mpando, kumbuyo kwawo kuli mtsikana wojambula wa kanyuzipepala ka m'deralo.

"Pakhala kusamvana pang'ono," anatero akumwetulira. "Malo apezeka kutsogolo. Koma poyamba tijambule kaye awiriwa, zikhala bwino kwambiri."

"Kalata ija mwaipeza?" anafunsa Lois.

"Mayi, tisabwererenso ku zimenezo."

"Ndafunsa ngati mwaipeza. Pakhomo paja munati popanda pepala si msilikali. Chasintha n'chiyani? Kapena umboni wake ndi woti mzungu mnzanu wawagwira chanza?"

A Newton anafiira mpaka m'makutu. A Kachingwe anayang'ana mpandowo, nkuyang'ana kamera.

"Auze kuti nkhope yanga ndi yomwe ija anaikana," anatero. "Sinasinthe. Tiye kunyumba."

Anatuluka chakudya chisanagawidwe. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo, udzu wa m'mbali mwa nyumba zosanja utauma ngati wa kumudzi mu Okutobala. Njira yonse yopita pokwerera basi Lois sanatseke pakamwa.

"Anthu opanda manyazi. Munawafera m'nkhalango za eni, lero akukufunsani pepala. Ndilembera nyuzipepala, ndilembera khansala, komiti imeneyo iona. Zithunzi khoma lonse, America, America, ngati nkhondo anamenya okha."

Bambo ake anakhala pa benchi nkuika ndodo pakati pa miyendo. Anamusiya mpaka mpweya unamuthera.

"Wakwiya bwino," anatero. "Mayi ako akanakhala moyo akananyadira pakamwa pamenepo. Koma dzina la Maliseni nawenso walimva lero, pamodzi ndi azungu."

"Nanga simunatiuzepo, bambo."

"Unandifunsapo?"

Bambo ake sanadikire yankho.

"Uli ku sekondale unkabwera pa holide ndi mabuku ako, kuloweza mokweza pakhonde. Chaka chimene America inalowa nkhondo, dzina la sitima, tsiku la bomba. Ine ndili pomwepo ndikusoka mphasa. Tsiku lina ndinati, ku Burma kumeneko ndinafikako. Unati, bambo musandisokoneze, zimenezo sizibwera pa mayeso."

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Lois. Tsikulo analikumbukira. Anakumbukira ngakhale buku lake, lachikuto chobiriwira. Ukali wonse umene anausenza kuchokera pakhomo la holo unasowa kolowera.

"Mzungu uja anali kumwamba, sakanationa," anatero a Kachingwe. "Iwe unali pakhonde."

Basi yofiira inakhota pakona nkuima patsogolo pawo. Zitseko zinatseguka, dalaivala nkuwayang'ana. A Kachingwe anayamba kudzuka, koma Lois anawagwira dzanja nkukhala pambali pawo. Anamukupiza dzanja dalaivalayo kuti azipita.

"Ibweranso ina," anatero. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Yambirani ku Zomba, bambo. Tsiku limene anakulembani."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lake lochira kumene. Kenaka anakhosomola pang'ono, nkutsamira benchi.

"Tinali anyamata asanu ndi awiri ochokera m'mudzi mwathu," anayamba. "Tinabwerako atatu."