Katoni M'katoni

A Arvind anazimitsa kompyuta kachisanu, nawerenga mpaka teni monga amachitira ndi jenereta, n'kuiyatsanso. Linali Loweruka masana, ndipo mumsewu wa Malangalanga mashopu ambiri anali atatsitsa kale zitseko zachitsulo. Gemu inatseguka. Chimphona chimene amasewera nacho, cha ndevu zofiira, chinali chiimire pomwe anachisiya, nkhwangwa paphewa. Koma kamuvi kachikasu kamene kamayandama pamwamba pa mutu wake sikanabwere.

Anayang'ana kachithunzi ka mulungu wawo Ganesha kamene kali pamwamba pa chitseko cha ofesi, koma anachita manyazi kupempha za gemu.

Gemu imeneyi ndi ija anthu amasewera pa intaneti, wina ali ku Lilongwe, wina kutsidya kwa nyanja, onse n'kukumana m'dziko limodzi lopeka. Anthu a m'dzikomo amakutuma ntchito: kapereke kalata uko, kaphe chilombo uku. Dzikolo n'lalikulu, kusochera sikuchedwa. Ndiye pali kapulogalamu kowonjezera kamene umakaika wekha m'gemumo, kamakulembera ntchito zako pambali n'kumakulozera ndi muvi koyenera kupita. A Arvind ankakatcha namulondola. Anawaikira mwachinsinsi ndi mkulu wina wokonza mafoni kumsika, yemwe pano ali ku Joni ndipo sayankha foni.

Lachisanu eni gemu anasintha zinthu, namulondola wakale n'kufa. A Arvind, pokhala munthu woti wayendetsa shopu ya hadiweya zaka makumi atatu, anatsitsa watsopano pa intaneti okha, n'kumuika pamalo pake. Gemu inakhala ngati sinamve.

Akanakhala munthu wina akanangofunsa mwana wake. Koma mwana wakeyo ndiye sankayenera kudziwa.

Khushbu, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, anapita ku Leicester, ku Mangalande, kukaphunzira unamwino, atawauza m'maso muli gwa kuti sadzabwera kudzagulitsa misomali. Kuyambira tsiku limenelo, kucheza kwawo pafoni sikunkapitirira mphindi ziwiri. Wadya? Ndadya. Kukuzizira? Kukuzizira. Koma m'gemumo, Loweruka lililonse folo koloko, mwanayo ankayenda pambuyo pa chimphona cha bambo ake ola lathunthu, akulongolola za odwala, za chipale chofewa, za mnyamata wina dzina lake Pratik yemwe a Arvind ankanamizira kusamumva.

Ndipo iwo ankatsogolera. "M'banja mwathu sitisochera," ankatero. "Agogo ako ankapalasa njinga ndi nsalu mpaka ku Mitundu opanda mapu."

Lero linali tsiku lomaliza la ntchito imene anaiyamba miyezi itatu yapitayo, yonyamula nyali yoyaka kukaika pansanja ya pamwamba pa phiri. Khushbu anali atanena kale: "Timalize Loweruka lino, Papa. Sabata yamawa ndiyamba kugwira ntchito kuchipatala masiku a Loweruka. Kenako sindikudziwa." A Arvind sankafuna kuti ola lomalizali lithe mwana wawo akuwaona akuzungulira mtengo umodzi ngati mbuzi yomangidwa.

Pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi, bwana. Makiyi a kusitolo awa. Penti yonse ndalongedza."

Anali mayi Eveless, amene akhala akusunga katundu wa shopuyo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anali atavala kale duku, buku la nyimbo m'khwapa, akuthamangira kwaya ku Area 4.

"Ikani pamenepo," anatero a Arvind osatembenuka.

Makiyi sanalire patebulo. A Arvind atacheuka anapeza mayiwo atatong'ola maso pa sikirini.

"Kumeneku n'kuti, bwana?"

"Si kwinakwake. Ndi gemu."

"Mapiriwo akhala pachiyani?"

A Arvind anayang'ana. Zoonadi, kutali uko, mapiri atatu anali lende mumlengalenga, mizu ya mitengo ikulendewera pansi pake. Madzi ankatsika kuchokera paphiri lina, koma asanafike pansi ankasanduka nkhungu yowala ngati ufa wothira padzuwa.

"Amakhala choncho," anatero, ngati kuti anawapachika ndi iwo.

"Mayo ine! Nanga icho?"

Kuseri kwa mtambo kunatuluka chinthu chachikulu kuposa msika wonse wa Lilongwe kuphatikiza depoti ya mabasi. Chinali ngati nsomba, koma chinali ndi mapiko anayi, ndipo pamsana pake panamera nkhalango, m'nkhalangomo muli tinyumba toyaka nyale. Chinadutsa pang'onopang'ono, mthunzi wake ukukwawa pa udzu mpaka kuphimba chimphona cha ndevu zofiira. Kenako chinalira, kulira kwapansipansi kumene kunanjenjemeretsa mabawuti amene anali m'mbale patebulo.

Mayi Eveless anakhala pampando wa alendo, uja udakali m'pulasitiki yake chigulireni. Pulasitikiyo inalira, koma palibe anaimva.

"Chimadutsa tsiku lililonse?" anafunsa monong'ona.

A Arvind anapukusa mutu. "Sindinachionepo," anatero.

"Mwayamba liti kupita kumeneku?"

"Zaka ziwiri."

"Ndiye mumayang'ana kuti?"

"Kamuvi."

"Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri," anatero mayiwo. "Kamuvi kake kati?"

Wotchi ya pakhoma inali pa hafu pasiti fili. Mwina chifukwa cha wotchiyo, mwina chifukwa cha chinsombacho, a Arvind anaulula zonse: za namulondola, za mkulu wa ku Joni, za agogo a njinga. Mayi Eveless anamvetsera osaseka, chinthu chimene chinawatengera mphamvu zooneka.

"Ndiye Khushbu wanga uja, ndinkamuthamangitsa pa matumba a simenti, akudziwa kuti bambo ake ali ndi mapu m'mutu?"

"A Eveless, si nthawi yake ino."

"Tandionetsani pomwe mwamuika namulondolayo."

"Izi n'zovuta, mayi. Zimafuna munthu wodziwa kompyuta."

"Ndiye n'chifukwa chake zatheka?"

A Arvind anapuma mozama, n'kutseka gemu. Anayamba kufotokoza mwapang'onopang'ono, ndi mawu amene amasungira makasitomala osadziwa kusiyana kwa sikuluu ndi msomali. Tizithunzi tachikasu iti ndi mafoda, ali ngati makatoni. Foda iyi ndiyo shelefu, pamene gemu imayang'ana zowonjezera zake. Ndipo uyu, taonani, ndi namulondola, ali pa shelefu pompo, dzina lake ili. Anadina. Mkati munali foda ina ya dzina lomwelo. Anadinanso, ndipo m'menemo ndimo munatuluka timafayilo tambirimbiri.

"Mwatsegula kawiri," anatero mayi Eveless.

"Anabwera choncho."

"Yakunjayo ili ndi ntchito yanji?"

"Ndi mmene anamulongedzera eni ake. Katundu wabwino sumutaya katoni yake."

Mayi Eveless anaika buku la nyimbo patebulo. A Arvind ankadziwa tanthauzo la zimenezo, ndipo sanakondwe.

"Bwana, mukukumbuka maloko aja?"

"Sindikukumbuka."

"Miyezi itatu tikubweza anthu. Maloko kulibe, maloko kulibe. Mpaka munakalipira a kampani pafoni, mwa Chingerezi. Tsiku lina ndikusesa ndinatsegula katoni yapamwamba, ndapezamo katoni ina, ndatsegula imeneyo, maloko mbwee! Munalamula ndinu kuti isatsegulidwe, ati ingachite fumbi."

"Zimenezo n'zakale."

"Gemu yanuyi ndi kasitomala. Yafika pa shelefu, yavundukula, yapeza katoni. Ilibe nthawi yofukula ngati nkhuku. Yangoti kulibe, n'kumapita."

"A Eveless, kompyuta si sitolo yanu. Anthu amapita ku yunivesite kukaphunzira zimenezi."

"Safunsa anadya phula. Ine kwaya ikundidikira." Anagwira buku lawo.

"Khalani kaye."

Anagwira mausi ngati munthu amene akusaina chinthu chimene loya wamuletsa. Anakoka foda yamkatiyo n'kuiika pa shelefu payokha. Katoni yakunja, yopanda kanthu, sanaitaye. Anaisunthira pakona, poti munthu sasintha tsiku limodzi.

Gemu inatenga nthawi kutseguka, kamzere kake kakukwawa ngati minibasi yodikira kudzaza. Kunatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Kenako udzu unaoneka, ndevu zofiira zinaoneka, ndipo pamwamba pake, phee, kamuvi kachikasu, kakuloza kumpoto ngati sikanachokepo. Pambali panatsika mndandanda wa ntchito zonse.

A Arvind anavula magalasi n'kuyang'ana mayi Eveless mmene sanawayang'anepo pa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Mwadziwa bwanji?"

"Sindikudziwa kompyuta, bwana. Ndikudziwa inuyo."

Folo koloko yeniyeni, pambali pa chimphona panatulukira kamtsikana kovala mkanjo wobiriwira, katanyamula nyali. Mawu a Khushbu anamveka m'sipika.

"Papa! Mwakonzeka? Ndili ndi ola limodzi lokha."

"Ndimakhala wokonzeka nthawi zonse. Unditsate."

Chimphona chinanyamuka, mphuno kutsogolo, molunjika ngati chingwe cha amisiri omanga. Chinadutsa pakati pa munda wa maluwa amene ankatembenuka kuchiyang'ana. Chinadutsa pansi pa mtengo wa masamba agalasi. Chinawomba mpanda, n'kuutsetsereka cham'mbali mpaka unatha. Mayi Eveless anapirira mpaka pamene njira inafika m'mphepete mwa phompho, pomwe dziko lonse linatseguka pansi pawo: mitsinje isanu ikukumana, mzinda woyera ngati mchere, ndi chinsomba chija chikubwerera, tsopano chili m'munsi mwawo moti ankaona tianthu tikuyanika zovala pamsana pake.

"Bwana, imani! Mudutsa apanso?"

Chimphona chinaima.

Kamtsikana kobiriwira nako kanaima. Kenako: "Ameneyo ndani? Anti Eveless? Anti, ndinu?"

"Ndine, mwanawe. Wanenepa kapena akukumana chakudya kumeneko?"

Khushbu anakuwa, n'kuyamba Chichewa chake cha kusitolo chimene anachiphunzira pa matumba a simenti. Anafunsa za mwendo wa mayiwo, za kwaya, ngati amayi a zitumbuwa adakakhalabe pa geti. Kenako anati, "Anti, mwawatani Papa? Zaka ziwiri sanaimepo. Malo ano ndimawakonda kwabasi, koma timangowadutsa ngati tikuthawa apolisi."

A Arvind anayang'ana kamuvi. Kankaloza kumpoto, kosatekeseka. Anayang'ana mayi Eveless, amene mwadzidzidzi anali otanganidwa ndi buku la nyimbo.

"Khushbu," anatero. "Pali nkhani ina yokhudza mapu a m'mutu aja."

"Ya kamuvi?"

Pulasitiki ya pampando inalira.

"Ukudziwa?"

"Papa, munthu wodziwa njira sawomba mpanda. Dzenje la pafupi ndi mlatho lija mwagweramo ka leveni. Ndinkawerenga."

"Bwanji sunanene?"

Kamtsikana ka mkanjo wobiriwira kanasuntha n'kudzaima pambali pa chimphona, osati pambuyo.

"Mukamatsogolera simufunsa za shopu," anatero. "Ndiye ndinkangokusiyani."

Chinsomba chija chinalira kachiwiri kuchokera m'munsi, ndipo mabawuti ananjenjemera m'mbale. Anthu atatu, awiri m'kaofesi konunkha penti ndi mmodzi ku Leicester, anangokhala duu kuchiyang'ana mpaka chinalowa mumtambo.

A Arvind anafufuza pakona ya sikirini, napeza kabokosi kozimitsira, n'kudina. Kamuvi kanazimirira. Pamalo pake panaoneka mwezi wachiwiri, waung'ono, wobiriwira, umene unali pamenepo zaka zonsezi.

"Agogo ako anafika ku Mitundu," anatero. "Tiyeni."

Anasochera pasanathe mphindi khumi. Mayi Eveless anati atsate mtsinje chokwera, poti madzi sachokera kuchigwa. A Arvind anati ayi, iwo akuona njira yachidule, ndipo njira yachiduleyo inawafikitsa m'phanga lodzaza nyenyezi pansi m'malo mwa kumwamba. Khushbu anaseka mpaka kutsokomola. Ali m'phangamo anasimba za gogo wina wodwala amene amamutcha dzina la mwana wake, ndipo a Arvind, posowa kamuvi koyang'ana, anamvetsera. Anafunsanso kuti Pratikyo kwawo n'kuti.

Ola linatha, linanso n'kutha. Phiri la nsanja linali kutali kuposa mmene linalili poyamba.

"Ndiyenera kupita," anatero Khushbu. "Koma Papa, nyaliyi sitingaisiye m'phanga. Ndipempha mnzanga tisinthane Loweruka likudzali. Anti, mudzakhalepo, apo ayi tidzafera muno."

"Kwaya indichotsa," anatero mayi Eveless. "Ndidzakhalapo."

Kamtsikana kobiriwira kanazimirira. Mayi Eveless anatenga buku lawo, naloza makiyi patebulo, n'kutuluka akupukusa mutu, akung'ung'udza za anthu oyanika zovala pamsana pa nsomba.

A Arvind anatsala okha. Anatseka gemu, n'kutsegula foda ija ya shelefu. Namulondola anali pomwepo, wokonzeka, woti akanawafikitsa pansanja m'mphindi makumi awiri Loweruka likudzalo, ntchito n'kutha. Anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anakoka katoni yopanda kanthu ija kuchokera pakona, n'kumubwezeramo bwinobwino, kuti angachite fumbi.