Ng'oma za Isake

Mvula inali itagwa kangapo pamanda a Isake, koma Vinsenti anali asanapondebe pakhomo pa a Faines kudzapepesa maliro. Anangotumiza ndalama pa foni. A Faines anazibweza tsiku lomwelo. Mwana wawo sanali fodya woti munthu n'kulipirira ali kutali.

Chonsecho bandi ya Ziphaliwali inabadwira m'chigafa chawo momwemo ku Dzoole. Vinsenti ankaimba ndi gitala ya chigubu, Festus ankavomera, Isake ali pa ng'oma zachikopa cha mbuzi imene a Faines anapereka okha kuti aleke kuwaswera ndowa. Anayamba ndi maukwati, kenako mabala a ku Madisi. Atafika ku Lilongwe anapeza magitala amagetsi olira ngati chigayo, ndipo nyimbo zawo zachikondi zinamveka pa wailesi mpaka ku Ntchisi. A Faines ankati ndi phokoso, koma wailesiyo sankaizimitsa.

Isake anabwerera pa matola atatheratu, ng'oma zake zachizungu zili m'masaka. Sanafike nyengo yokolola. Tsiku loika maliro, Ziphaliwali zinali papulatifomu ku Mzuzu ndi mnyamata waganyu pa ng'oma. Pambuyo pake Festus anathawira ku Joni, zida zinagulitsidwa chimodzichimodzi, bandi n'kufa.

Ndiye masana ena, a Faines akusoka fodya, anangoona Vinsenti watulukira, jekete lachikopa litasuwa. Anakoka mpando pakhonde n'kukhalapo.

"Muli bwanji, amayi?"

"Taonani munthu wake! Pakhomo pamene panagwa maliro, iwe pampando, moni patsogolo. Ku tauni anakuphunzitsani choncho?"

"Amayi, ndinatumiza kangachepe..."

"Ndinabweza. Nena chimene wadzera, fodya akundidikira."

Vinsenti anati akufuna kudzutsa bandi, anyamata wawapeza, chasowa ndi ng'oma. Za Isake zija zikungodya fumbi, bwanji azigule? Dzina la Isake lidzatchulidwa paliponse pamene adzaimbe.

"Udzalitchula kwa anthu oledzera," anatero a Faines. "Kwa ine, amene ndinamusambitsa, sunalitchulepo. Chibwerere chako n'kumati ng'oma, ng'oma. Unadya m'mbale imodzi ndi mwana wanga, iwe. Adzukulu akukumba, iwe ukuvinitsa anthu."

Vinsenti anayang'ana kuchigafa. Mzati umene Isake ankamangirirapo ng'oma unalipobe, utachita kusalala. Anadzuka pampando paja, n'kukhala pansi pafumbi, mutu uli pakati pa mawondo. Anakhala monga amakhalira munthu wodzapepesa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Pepani, amayi. Ndinkaopa kuona dothi lake. Isake, mbale wanga ine!"

A Faines anaika pansi singano. Anasendera pafupi, nawonso n'kulira maliro aja ngati agwa m'mawa womwewo, mpaka anansi anatuluka m'nyumba kudzakhala nawo.

Misozi itauma, a Faines anamupatsa madzi osamba kumaso.

"Tamva, mwanawe. Maliro wapepesa, nkhani yatha."

"Nanga ng'oma zija, amayi?"

"Zimenezo ayi. Mbuzi yoyamba ndinapereka ine, n'kutsala wopanda mwana. Zikhala momwemo."

Anatola singano yawo n'kubaya tsamba lotsatira.