Makalata Amene Mayi Seol Anakaniza

Mayi Seol anapeza alamu awo, a Ikcheol, atagwada m'chipinda chamkati, manja ali kale m'kabokosi ka makalata. Mtembo wa amuna awo, Nduna Maeng, unali kuseri kwa chotchinga, wovekedwa kale.

"Alamu, chotsanimo manja."

A Ikcheol sanachotse. Anafotokoza ngati akulankhula ndi mwana kuti mwambo ndi womwe uja: mipata ya m'bokosi la maliro amaitseka ndi zovala ndi mapepala kuti mtembo usamagwedezeke popita kumanda. Makalata enieni, olembera mfumu m'zilembo za Chitchaina, ophunzira a malemu anali atawasonkhanitsa kale kuti asemedwe pa matabwa, lituluke buku, zidzukulu zidzadziwe kuti nduna inali ndani. Awa olembera mkazi, a zilembo wamba zotchedwa za azimayi, ndiwo otsekera mipata.

Mayi Seol ankadziwa chimene alamuwo ankaopa. Zaka zimene mfumu inapirikitsira nduna kuchilumba, ndunayo inkawalembera za dzino lowawa, za nsabwe, za mantha, n'kumapempha nyemba zovunditsa.

"Buku lanulo ndamva," anatero. "Mwafufutamo mayina, mwasalaza mawu, mwasema mwala. Ine ndinakwatiwa ndi munthu. Ali kuchilumba inu munawalembera kangati? Inki inakuumirani. Lero ndiye mwadziwa kusamala mbiri yawo?"

A Ikcheol anatembenukira kwa Duhyeon, mwana woyamba wa malemu, yemwe anaima pakhomo tsitsi lili lomasula monga mwa mwambo wa maliro. Anamuuza kuti mwini maliro ndi iye, alamule. Adani a banjali akadzamva kuti nduna inkalirira nyemba, likulu lonse la Hanyang lidzaseka, ndipo iye ntchito ya boma aiwale.

Duhyeon anayang'ana pansi. "Amayi, mipata iyenera kutsekedwa basi."

"Itsekedwa."

Mayi Seol anatsegula chibokosi cha zovala zawo n'kuyamba kuponya pansi: siketi ya silika ya pa ukwati, malaya okhuthala a thonje, chofunda, mpaka thabwa la pansi kuonekera. Chisanu chinali pafupi ndipo aliyense ankadziwa. A Ikcheol anati mayiwa apenga. Iwo anayankha kuti misala yomweyo ndiyo inkawolotsa mitsuko ya nyemba panyanja abale onse ali zii.

Kenaka anakhala pa kabokosi ka makalata, osasuntha, osamwa ngakhale madzi, mpaka anamva chivindikiro cha bokosi la maliro chikutsekedwa. A Ikcheol anatuluka osatsanzika.

Duhyeon anabwera n'kugwada. Sanapepese. Anangopempha kuti awasanje makalatawo potsata zaka, awakulunge bwino njenjete zisawadye. Amayi ake anamupatsa amodziamodzi, diso lili pa manja ake.

Duhyeon atawayala pansi, anaima kaye. M'makalata oyambirira zilembo zinali zing'onozing'ono ngati chitowe, zothinana mpaka m'mphepete, poti bambo ake pepala ankaliumira. Chaka ndi chaka zinkakula. M'kalata yomaliza mawu owerengeka anadzaza tsamba lonse.

Anafunsa ngati dzanja la bambo ake linali litayamba kunjenjemera.

"Dzanja linali bwinobwino," anatero Mayi Seol. "Maso anga ndiwo ankafa. Sindinawauzepo, anangozindikira okha."

Anatenga yomalizayo, n'kuiyala pa mawondo, nayamba kuwerenga osawerama.